Sanafufute Mayina Aja Ndi Amuna Anga

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1971. Mbiriyi amafuna kuwerenga ndi alamu anga, koma ndakana. Akanadumpha zina poopa mabwana akhala kutsogoloku. Ndiwerenga ndekha ine mkazi wawo, ngakhale sukulu ndinalekezera ku pulayimale.

Anamaliza sekondale mu 1990, kenako anaphunzira zamakompyuta. Tinakwatirana mu 1996.

Mu 1998 analowa ntchito pakampani yosunga mayina a odwala. Mafayilo ake anali aakulu moti ena akawatsegula, kompyuta inkangouma. Malemu ankatsegula kawindo kakuda pakompyuta, n'kulemba mzere umodzi woyamba ndi liwu loti sort, makina n'kusanja okha mayina mamiliyoni anayi. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analimata pakhoma la ofesi: zosanjidwazo uzilozetse ku fayilo ya dzina lina. Ukazilozetsa ku fayilo yomweyo, makina amayamba ayikhuthula, n'kusanja mphepo. Ngakhale ine wosadziwa kompyutane ndimalidziwa.

Pa 3 Febuluwale 2024 anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a impso. Pa 12, a manijala, chifukwa cha phuma, anakhala pampando wa malemu, kulowa m'kompyuta ndi pasiwedi ya malemu, n'kulozetsa zosanjidwazo ku fayilo yomweyo. Zonse zinapita. Anaimba foni kuwodi, malemu n'kuwauza movutikira pomwe ankasunga kope lina la mayinawo. Mayina anabwerera. Zikomo wake anali kalata ya pa 15 yowachotsa ntchito, yoti anafufuta ndi iwo. Munthu amene tsiku lofufutalo supuni ndinkamugwirira ndine! A manijala, musayang'ane pansi, ndikunena inu.

Kuyambira pomwe ndinawawerengera kalatayo, chakudya ankangochiyang'ana. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati kwabwera kalata ina yoyeretsa dzina lawo. Pa 1 Malichi ndinawauza kuti yabwera. Anamwetulira. Anatisiya pa 2 Malichi, masana.

Asiya ine, ana atatu, mdzukulu mmodzi ndi mayi awo okalamba. Ndikuthokoza anamwino a kuwodi, aneba amene ankandisinthira kudikirira, ndi akwaya. A kampani, nkhata yanu ndaibwezera m'galimoto mwanu.

Bambo a ana anga, ndikhululukireni. Kalata ija sinabwere, ndinakunamizani. Lolemba ndikakhala pakhomo pa ofesi mpaka ituluke, ndidzakuwerengereni pamanda. Inu usani mumtendere, zotsalazi ndi zanga.