Malo anga athera pomwe madzi a malata agwera

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye.

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kwa akuluampingo Lamulungu loyamba la mwezi wa Meyi, chaka chija tinkafolera tchalitchi chino. Lachiwiri ndinapereka dzinja lotsatira. Kalata iliyonse ndinkalemba pawiri, ina yawo, ina yanga, ndipo zanga zili m'chikwama ichi. Koma zimenezo zidikire. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ine kwathu ndi ku Mlangeni. M'banja mwathu, bambo akalima munda, mundawo ndi wake ndi ana ake. Unyamata wanga unathera m'migodi ya ku Joni, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti munthu wopanda pepala alibe pakamwa. Ndiye ine sinditaya pepala, ngakhale lisiti la misomali.

Nditakalamba ndinafuna malo pano pa Kandeu, kufupi ndi msika ndi tchalitchi. Anandigulitsa bambo wina amene anali atalima pamalopo zaka zambiri. Amene ananditengera kwa iye ndi mkulu wa mpingo uno. Sinditchula dzina, akudzidziwa. Iyeyo ndiye anandilozera malire, kuyambira pa mtengo wa mkuyu mpaka pachulu, nasayina ngati mboni. Nditafunsa zopita kwa amfumu, anati amfumu akudziwa kale. Mkulu wa mpingo, abale anga. Munthu amene amandigawira mgonero.

Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha. Ndinakumba chitsime ndi chimbudzi, ndinabzala mapeyala ndi nthochi. Mayi a kunyumba anamwalirira m'nyumba imeneyo, ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi amene akundisamala.

Kenako mkazi wa wondigulitsa uja anamwalira. Maliro atatha, abale a mkaziyo anamusudzula mwamunayo, nabwerera kwawo ku Kasinje. Pasanapite nthawi anafika pakhomo panga mlongo wa malemuyo, mwinimbumba, kudzandiuza kuti ndichoke. Akuti wondigulitsayo anali mkamwini chabe. Analima, inde, koma dothi linali la mkazi wake ndi mbumba yawo.

Tinapita kubwalo. Ndinayala mapepala anga onse pamphasa. Amfumu anawerenga kalata yogulitsira mwaulemu, naipinda bwinobwino, nandifunsa: "Agogo, pa maina awa, lilipo la mwini dothi?"

Panalibe. Anandifotokozera kuti kuno malo a makolo sachoka ndi dzanja la munthu mmodzi. Iyambe mbumba kugwirizana, amfumu avomereze, mfumu yaikulu idinde, kenako boma. Mwinimbumba anawonjezera kuti mkamwini agulitsa nkhuku, osati nthaka, anthu naseka. Anandiseka ine, ndi imvi zangazi.

Nanga mboni yanga? Tsiku loyamba anatumiza mawu kuti akudwala. Atabwera tsiku lina, anati iye anachitira umboni kuti ndalama zaperekedwa, osati kuti malo ndi a wogulitsayo. Munthu wobadwira pa Kandeu pompano, amene anavina pa ukwati wa mkamwiniyo! Mtima wanga unada, abale. Unada ndithu. Mukandiona ndikukhala kumbuyo masiku a mgonero, chifukwa chake ndi chimenecho.

Apa ndi pamene Mulungu analowererapo. Mlandu unali utandigwera, ndikutolera mapepala, pamene mwana wamkazi wa malemuyo, Nangozo, anaimirira kumbali ya amayi. Ine ndinali ndisanayankhulanepo naye kupatula moni. Anati, "Malume, agogowa asagone panja. Pomwe madzi a malata awo agwera pakhale pawo."

Malume wakeyo sanakondwe, koma amayi a mbumba anagwirizana naye. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbee. Mwinimbumba anakwera yekha pamakwerero ndi ndowa ya madzi, madzi a pachitsime changa, nathira padenga. Pomwe madonthowo anagwera anakhoma zikhomo. Chitsime chinatsala kunja. Mapeyala kunja. Chimbudzi chomwe kunja. Lero ndikafuna kudzithandiza ndimaponda dothi la eni, ndipo mapeyala amene ndinabzala ndimawaona pamsika.

Kachidutswa kameneko ndinakayendera njira yonse, osadumpha khomo. Mbumba inasayina, amayi onse, ena ndi chala. Amfumu anadinda, mfumu yaikulu inadinda, ndinapita kuboma ku Ntcheu mpaka nsapato zinatha. Oyeza malo atabwera anafunsa ngati ndikulembetsa nyumba kapena khola. Ndinawauza kuti ayeze basi. Mwezi wathawu pepala latuluka, lili ndi dzina langa ndi la mwana wanga. Ndikadzafa, palibe adzamuthamangitse.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa Nangozo pamene pakamwa pa mbale wanga mwa Ambuye panatsekeka. Ndikugona m'nyumba. Kondwerani nane, amayi, luluzani, musachite manyazi. Inunso abambo akutsogoloku, ombani m'manja, nonse.

Zikomo. Tsopano abusa, ndisanakhale pansi. Akuluampingo akuti nkhani za malo si za mpingo. Ine sindikufunsa za malo, malo anapita. Ndikufunsa za umboni wonama, umene uli m'Malamulo Khumi amene timawerenga muno. Ndikupempha mwaulemu kuti bwalo la akuluampingo limuitane mbale ameneyu, ine ndilipo, anene ngati ankadziwa kapena sankadziwa kuti wogulitsayo ndi mkamwini. Akanena kuti ankadziwa, ndimukhululukira pomwepo, ndipo ndibwerera ku mgonero. Yankho lanu mundipatse cholemba, mgonero ukubwerawu usanafike.