Mayi Elsie ndi Kachombo Kosaimba Foni

A manijala athu, abusa, ana ndi adzukulu a Mayi Elsie, anzanga a pashifiti, ndi inu agogo athu a panyumba ino yosamalira okalamba ya ku Braunstone, kuno ku Mangalande, ndakuonani nonse. Ndine Lumbani. Lero, potsanzikana ndi Mayi Elsie amene akupuma pantchito, ndiulula zinthu.

Mayi Elsie atangoyamba ntchito ankapereka tiyi atagwada. Nesi wina anathamangira belu loitanira thandizo, akuti munthu wagwa!

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Bambo Roshan, awo ali pakonawo. Anabadwira ku Limbe, Chichewa amamva, ndiye sindingawajede. Asanabwere kudzakhala nafe ankalumikiza mawaya a zida zopita mumlengalenga. Mukukumbuka kachombo kopanda munthu kaja, kanakatera pa nyenyezi ya mchira? Kananjanja, n'kukagwera pamthunzi. Batire kutha. Zii! Bambo Roshan nawonso zii. Phala ayi, chapati ayi. Adokotala anayamba kunong'onezana, ife mantha.

Mayi Elsie anawakhalira pambali. "Bambo, mwana akapita kunja saimba msanga. Ine nditafika kuno, mayi anga anadikira mpaka kutopa. Idyani, akadzaimba akupezeni muli moyo."

Anadyako pang'ono. Koma Mayi awa salekera panjira. Lamlungu kutchalitchi, nthawi ya zopempherera, anaimirira n'kupereka kachombo. Abusa, muli pano, musakane. Munafunsa kuti, "Mayi, tipempherere makina?" Iwo amvekere, "Pempherani basi. Kakalankhula ako, pali munthu adya." Amayi a mpingo mpaka anasala kudya kuti wina adye!

M'mawa uliwonse Mayi ndi mbale yawo: "Sanaimbe, koma idyani." Miyezi kupita. Tsiku lina wailesi inalengeza kuti kachombo kadzuka, kalankhula. Nthungululu imene inamveka mukhonde umu! Nesi yemwe uja anathamangiranso belu. Bambo Roshan anapempha mbale yachiwiri. Taonani, pano ali pa keke yachitatu.

Mayi Elsie, nthabwala pambali. Zikomo. Mwatiphunzitsa kuti munthu sumutaya chifukwa choti wakhala chete. Tidzakusowani kwambiri, ine ndiye ndayamba kale.

Pitani mukapume ku Ntcheu, mukaothere dzuwa lenileni, batire ikadzaze. Koma mukakatera, imbani foni msanga. Mukakhala zii, nyumba yonseyi isiya kudya, ndipo wotinyengerera ndi mbale palibenso.

Imirirani amene mungathe. Manja, manja kwa Mayi Elsie! Nesi, belu lisiyeni!