Kapu ya pa mgolo wa madzi

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndikulemba kuchokera kuno ku Chikwawa. Ndine mayi wachialubino, ndimapalira m'minda ya nzimbe.

Kuntchito kwathu tonse timamwera kapu imodzi pa mgolo wa madzi. Koma ine nditangoyamba, anandipachikira chitini changachanga pamtengo. Palibe anandinyoza. Tinkaseka limodzi, chitinicho chikulendewera pomwepo.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, nzimbe zikuoneka ngati zikuyandama, ndinaiwala n'kumwera kapu ya onse. Anthu onse anacheukira kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mayi ena achikulire a ku Nsanje, omwe tinali tisanachezepo, anatambasula dzanja. "Wamwa, mwananga? Bweretsa kuno, kukhosi kwauma." Anamwa osatsuka, n'kupatsira mnzawo. Nayenso anamwa.

Mpaka lero ndimaziona ngati maloto: madzi akutsetsereka pachibwano pawo, kamphepo ka ku Shire kakugwedeza nzimbe, ine misozi ili mbwembwembwe. Chitini chija chidakali pamtengo, chinachita dzimbiri.

Omvera, musadikire kuti abwana aitanitse msonkhano. Landirani kapuyo, mumwe.