Galimoto Yanga M'nyumba Yopanda Khomo

Mu Okutobala wa 1956 ndinapita ku maphunziro a aphunzitsi kumtunda ku Bembeke. Galimoto yakale imene ndinkakonza, imene ndinagula kwa mmwenye wa sitolo ku Mtakataka n'kuikokera kwathu ku Mua ndi ng'ombe, ndinaisiya m'manja mwa alamu anga a Alufeyo, mmisiri woumba zidina. Nditabwerako patatha masabata atatu, pamene ndinasiya galimoto panali nyumba.

"Alamu, galimoto yanga ili kuti?"

"Takulandirani, aphunzitsi. Kumtunda kukuzizira?"

"Galimoto, alamu."

Analoza nyumbayo ndi mlomo. "Ili m'katimo. Ili bwinobwino."

Ndinaizungulira kamodzi. Ndinaizunguliranso, poganiza kuti mwina dzuwa la m'njira landisokoneza maso.

"Khomo lili mbali iti?"

"Khomo la chiyani?"

"Lolowera."

"Aa, munati pasalowe munthu."

"Ndinati ana asalowe m'galimoto."

"Nanga khomo limasankha? Polowa wamkulu mwana amalowanso, ndipo iye amalowa chothamanga."

Ndinavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Ine ndinapempha kamthunzi chabe. Mitengo inayi, udzu pamwamba, basi."

"Mawu anu ndinawasunga. Munati dzuwa lisaione, lingasupule penti."

"Eya, ndinatero."

"Ndinazika mitengo inayi ija, n'kufolera. Kenako ndinakhala apa tsiku lathunthu kuliyang'anira dzuwalo. M'mawa linaiona kumphuno. Madzulo linaiona kumbuyo. Ndiye ndinatseka kum'mawa, ndinatseka kumadzulo."

"Nanga kumpoto ndi kumwera? Kumeneko dzuwa silichokerako. Zimenezi ndimaphunzitsa Sitandade 3."

"Kumeneko kumachokera mbuzi."

Pamenepo ananena zoona, chifukwa mbuzi zinali zitadyapo kale mpando wakumbuyo ine ndili pakhomo pomwepo.

"Zenera lilipo?"

"Kabowo ka mpweya kalipo, kumwambako. Ndinamva chisoni."

Ndinakokera mtondo pafupi ndi khoma, n'kukwerapo ndi nsapato zanga za ku Bembeke. M'katimo munali mdima. Maso atazolowera, ndinaona denga la galimoto lili pansi kwambiri.

"Alamu, bwanji yafupika?"

"Yakhala pansi. Ikupuma."

"Matayala ali kuti?"

"Munati mphira amang'ambika ndi kutentha, azikhala pozizira."

"Ndinatero."

"Ali m'chitsime cha kudimba."

Mtondo unagwedezeka. Ndinagwira khoma. "Onse anayi?"

"Atatu anamvera. Lachinayi linkakana kumira, ndinalimangirira mwala."

"Nanga anthu akumwa chiyani?"

"Madzi omwewo. Achemwali anu a Salome akuti akununkha ngati ku Limbe, koma sanadwalepo munthu."

Ndinatsika pang'onopang'ono, monga amatsikira munthu amene ana asukulu angamuone. "Chabwino. Madzi a galimoto munathira musanatseke? Ndinakuonetsani pothira, kutsogolo kuja."

"Ndinathira. Munati chilimwe chino isakhale ndi ludzu."

"Apo ndiye mwachita bwino."

"Konsekonse."

"Konsekonse kutanthauza chiyani?"

"Ili ndi pakamwa pawiri. Ndinaona kuti n'kukondera kumwetsa pamodzi. Pakumbuyopo ndiye panali ludzu, zidebe zinayi osadzaza."

"Alamu, pamenepo m'pa petulo."

"Iyayi, munalibe petulo. Ndinanunkhiza. Munali kangaude."

Zinali zoona. Petulo ndinali ndisanagulepo, chifukwa ndinkafuna injini iyambe yasonyeza mtima wofuna kulira.

"Zimene mwachitazi buku lake limaletsa," ndinatero, ndikukweza chala ngati ndili m'kalasi. "Ndili ndi buku la galimoto imeneyi, la Chingerezi, ndipo ndinaliwerenga kawiri. Ndibwera nalo muone."

"Lili m'katimo."

"Buku?"

"Munati lisasiyane ndi galimoto."

Ndinakhala pa mtondo paja. A Alufeyo ananjuta pambali panga n'kuyamba kupichira fodya, nkhope ili phee ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa.

"Tamverani, alamu. Loweruka likubwerali mwana wanga Magdalena akukwatiwa. Ndinaimirira pabwalo la tchalitchi, Misa itangotha, n'kulengeza kuti mwana wa ine Wenceslaus adzapita ku ukwati wake pa galimoto ya bambo ake. Akuchimuna a ku Golomoti anamva."

"Anamvadi. Atumiza kale uthenga."

"Wotani?"

"Akufunsa ngati okankha adzadye poyamba kapena pambuyo."

"Palibe adzakankhe. Kwatsala zinthu zing'onozing'ono."

"Monga?"

"Batire. Mabuleki. Ndi kachitsulo kena kamene dzina lake lili m'buku."

"Lili m'katimo."

"Ndamva, alamu." Ndinaimirira. "Tengani khasu mugumule."

"Khoma liti?"

"Lililonse."

"Lakum'mawa, dzuwa liiona."

"Liione."

"Ooh, ndiye mwasintha mawu?"

"Sindinasinthe. Mphunzitsi sasintha mawu, amangowafotokoza bwino."

"Ndiye fotokozani bwino za mbuzi, ndidziwe ngati nazonso zaloledwa."

"Gumulani lakutsogolo, kumene yayang'ana, kuti ituluke."

"Ituluke yokha?"

"Ndi ine m'kati."

"Pa matayala ati?"

"Mukawavuule."

"Afika pano atatentha."

"Atenthe."

A Alufeyo anapukusa mutu, naimirira n'kukatenga khasu kuseri kwa nkhokwe. Anafika pa khoma lakutsogolo, analavulira m'manja, anakweza khasu, kenako analitsitsa pang'onopang'ono osakhudza dothi.

"Bwanjinso?"

"Ili si langa. Khoma la eni sindingaligumule osapempha."

"Eni ake ndani? Malo ndi anga, galimoto ndi yanga, womanga ndinu."

"Taonani mizere yake, aphunzitsi. Ine ndingamange chokhota chonchi?"

Ndinayang'anitsitsa. Pakati pa khomalo zidina zinali zopendekera uku ndi uku, ndipo pa dothi lomata panali zidindo za zala zing'onozing'ono.

"Sindinafune kunena," anatero a Alufeyo, akukanda m'mutu. "Ine pano ndinasiya khomo lalikulu, loti ngolo n'kulowa. Anatseka ndi Magdalena, ndi manja ake, mayi ake akumupondera dothi."

"Magdalena? Chifukwa chiyani?"

"Akuti ku tchalitchi ayenda wapansi, akafike tsiku lomwelo."