Sefa ya Dzuwa

Pa siteji ya basi, mayi wogulitsa nsalu anakhala pafupi ndi bambo wina amene anafukata kabokosi ngati khanda. Mayiyo analephera kupirira.

"Pepani bambo, muli mazira mmenemo?"

"Ayi mayi, ndi sefa ya telesikopu yanga, chipangizo choonera zakumwamba. Ndikufuna ndizionera dzuwa n'kumalijambula."

"Dzuwa lomweli? Kalanga ine! Maso mwatopa nawo?"

"N'chifukwa chake ndagula sefayi. Popanda iyo, galasi limasonkhanitsa kuwala konse pamalo amodzi. Diso limapsa nthawi yomweyo, ngakhale nsalu imayaka."

"Mayo! Ndiye chinthu choopsacho mwachisiya kuti?"

"Kuchipinda, pawindo. Ndachilozetseratu kumadzulo kuti ndikangofika ndiyambepo."

"Mwachivindikira?"

Bamboyo anapisa m'thumba n'kutulutsa chivindikiro chakuda, kukamwa kuli yasa.

"Ndinachitenga kuti ndiyezere kukula kwa sefa."

"Nanga kumbuyo kwa chinthucho kuli chiyani?"

"Bedi. Ndipo mayi a kunyumba ayalapo diresi la ukwati la mwana wathu."

Onse awiri anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litapendeka kale.

"Basi isiyeni bambo, liyatseni liwiro! Mukakapeza utsi, kwa mayiwo musakayambe ndi nkhani ya sefa."