Dzina Limene Ndinalitenga ku Kalasi ya Taipi

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa ngati agogo a Mulipa, nkhalamba yosachedwa kuseka. Koma panali zaka zimene ndinkayenda mu Blantyre muno popanda wondipatsa moni.

Makolo anga anali Alomwe, ochokera kwa Apwitikizi. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale ya fodya ku Limbe, ndipo anamwalira ndisanamalize pulayimale. Ndinatsala ndi amayi okha ku Ndirande. Abale athu onse anali kutsidya kwa malire. Za Mulungu tinkangomva kwa anthu. Kutchalitchi sitinkapondako.

Nthawi ya Chitaganya ndinasankhidwa kupita ku sekondale ya boma. Sukuluyo inayambira m'mashedi a malata amene asilikali anasiya nkhondo itatha. Poyamba ankangophunzitsa za m'mabuku. Mmene ife timafika, boma linali litawonjezera maphunziro a ntchito, poti mafakitale ndi maofesi ankasowa anthu. Kunali kalasi ya ukalipentala. Kunali ya umakaniko, kumene anyamata ankaphwasula injini ya lole yakale n'kuimanganso. Ndiye kunali yathu, ya taipi ndi ntchito za muofesi.

Ife a taipi tinkadzimva. Malaya athu sankada. Aphunzitsi ankaphimba zala zathu ndi kansalu kuti tizitaipa osayang'ana zilembo, ndipo pa zimenezo panalibe wondiposa.

Mnzanga anali mmodzi yekha, Fakisoni, Msena wa ku Chikwawa, wa kalasi ya ukalipentala. Ankabwera ku chakudya utuchi uli m'tsitsi, n'kukhala pambali panga. Ena akamandiseka chifukwa cha mtundu wanga, iye ankangoti, "Asiyeni awa, nafe a ku Chigwa amatinena."

Kalaliki wa sukulu atadwala, mphunzitsi wamkulu, amene anali mzungu, anayamba kundiitana masana kuti ndizitaipa zidziwitso mu ofesi yake. Ndinanyadira. Sindinadziwe kuti maso a anzanga akundiperekeza polowa ndi potuluka.

Chinali chaka cha zipolowe. Dziko lonse linkakana Chitaganya, ndipo anyamata ena ankakumana mobisa m'shedi ya akalipentala kukambirana zimenezi. Tsiku lina m'mawa, tili m'kalasi, galimoto ya apolisi inalowa pa sukulu. Anatenga anyamata angapo. Fakisoni anali m'gulumo. Ndinamuona pa zenera akukwezedwa, pensulo idakali pakhutu.

Mawa lake ndinapeza desiki yanga italembedwa ndi choko: kapirikoni. Achinyamata simungalidziwe dzinali. Linkatanthauza munthu wogulitsa anzake kwa azungu. Masiku amenewo kunalibe dzina loipa kuposa limenelo.

Pamaso pa Mulungu ndikunena: sindinaulule aliyense. Amene anaulula sindikumudziwa mpaka lero. Ndinayesa kufotokoza, koma ndikatsegula pakamwa anthu ankangonyamuka.

Sanandimenye. Mwina zikanakhala bwino akanandimenya. Ndikakhala pa benchi, benchi inkatsala yanga ndekha. Ndikafika pa mpira, mpira unkatha. Ndinamaliza sukulu motero, ndikulankhula ndi makina a taipi basi.

Mayeso ndinakhoza bwino, ndipo ndinapeza ntchito pa kampani ina ku Limbe. Koma dzina lija linafika kumeneko ine ndisanafike. Nthawi ya tiyi anzanga ankatengera makapu awo panja.

Linafikanso ku Ndirande. Amayi ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, ndipo anthu anasiya kugula. Kuchitsime amayi anzawo ankangoti zii akawaona. Amayi anga sanandifunsepo kanthu. Ankangondiikira madzi osamba n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Ndinayamba kachasu. Sindinkamwera pagulu, poti gulu ndinalibe. Ndinkagula m'botolo n'kukakhala pa mwala, m'munsi mwa phiri la Ndirande, kuyang'ana utsi wa m'nyumba za anthu ena. Poweruka ku Limbe ndinkaima nthawi yaitali pafupi ndi njanji. Zimene ndinkaganiza pamenepo, Mulungu yekha akudziwa. Chinkandibweza ndi chakuti amayi analibe wina.

Kenako amayi anadwala chifuwa. Anamwalira m'mawa wina wa chiperoni, kunja kukuwaza kamvula kozizira.

Ndinayenda khomo ndi khomo kunena za maliro. Ena anayankhira m'kati, osatsegula. Mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, anandiuza kuti anyamata ake atanganidwa. Ndinabwerera kunyumba. Inu mukudziwa mmene pamaliro pamakhalira kwathu kuno. Koma pakhomo pathu panalibe wolira, panalibe moto, panalibe ngakhale mwana wosuzumira. M'nyumba munali amayi pamphasa, ndipo ine ndinali pakhonde. Ndinalibe bokosi, ndipo kukhoma msomali sindinkadziwa.

Dzuwa litakwera ndinaona munthu akukankha njinga, atamangapo matabwa. Anali wowonda, akutsimphina. Atayandikira ndinazindikira kuti ndi Fakisoni. Ndinali nditamva kuti anatuluka m'ndende ndipo akupala matabwa ku Chilomoni, koma ndinkazemba njira zonse zimene ndikanakumana naye.

Ndinaimirira. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandiseka.

Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mapeyala n'kunena kuti, "Pepani, achimwene. Ndamva za amayi."

Ndinati, "Fakisoni, ine sindinakuulule."

Iye anati, "Sindinabwere kudzafunsa zimenezo. Gwirani thabwa ili."

Ndinagwira. Anatulutsa sowo ndi hamala, n'kuyamba ntchito pabwalo pomwepo. Akucheka, kunatulukira amuna a ku mpingo wake atanyamula makasu, ndi amayi ovala mabulauzi oyera. Amayiwo sanandidziwe, ndipo malemu sanawaonepo. Analowa m'nyumba, anakhala pansi, nayamba kulira ndi kuimba. Nditamva kulirako, nanenso ndinalira, manja ali pa thabwa.

Titaika maliro, Fakisoni anatsala nane. Anandiuza kuti ali m'ndende iye ankandida usana ndi usiku, ndipo analumbira kuti akadzatuluka adzathana nane. Koma m'ndendemo munali mkulu wina wa mpingo, womangidwa ngati iye, amene ankapempherera ngakhale owamenya. Poyamba Fakisoni ankamutukwana. Pamapeto pake anagwada naye.

"Yesu anandipezera mmenemo," anatero. "Chidani ndinachisiya momwemo."

Ndinamufunsa ngati tsopano akundikhulupirira.

Anati, "Ndikukukhulupirirani. Koma ngakhale mukanakhala kuti munachita, ndikanabwerabe."

Mawu amenewo anandisowetsa mtendere. Zaka zonsezo ndinkafuna munthu woti avomere kuti ndine wosalakwa. Sindinkadziwa kuti kuli chikondi chimene chimabwera mlandu usanaweruzidwe.

Lamulungu Fakisoni anadzanditenga. Titalowa m'tchalitchi, ena anandizindikira ndipo anasendera kutali. Fakisoni anakhala kumanja kwanga, mkazi wake ndi kamwana kawo kumanzere. Mlaliki anafotokoza mmene Ambuye Yesu ananamiziridwa, ndi mmene ophunzira ake anamuthawira pa nthawi imene ankawafuna. Ndinati mumtima, uyu akudziwa. Ataitana ofuna kupereka moyo wawo, ndinapita kutsogolo osadikira wina.

Sindinama kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Dzina lija linanditsatabe mpaka Chitaganya chitatha, ndipo ena anamwalira osandipatsa moni. Kachasu nayenso sanandisiye msanga. Ndinagwa kangapo, abale n'kundidzutsa. Koma ku njanji sindinabwererenso. M'nyumba mukakhala zii, ndinkadziwa wolankhula naye.

Patapita nthawi sukulu ija inafuna mphunzitsi wa taipi, ndipo ndinaphunzitsa kumeneko mpaka kupuma. Ambuye anandipatsa mkazi, ana, ndi inu nonse. Fakisoni anatsogola kale. Bokosi lake anakhoma ndi anyamata amene iye anawaphunzitsa.

Ndikutamanda Yesu, amene anandiona pakhonde paja dziko lonse litatseka zitseko. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Mwina alipo muno amene walowa yekha ndipo akuganiza zotulukanso yekha. Mwina anthu anakupatsani dzina, lonama kapena loona. Musadikire kuti liyere kaye. Bwerani kwa Yesu mmene mulilimo. Ngati miyendo ikukana, ingokwezani dzanja. Ine ndakalamba, koma ndi ndodo yangayi ndifika pamene mwakhalapo, ndipo tipita kutsogolo limodzi.

Ameni.