Foni Inkafera M'manja Mwanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine ambuya ake a Taonga, a ku Kabwata kuno. Ndimagulitsa tomato ku msika wa Soweto. Moyo wanga wakale unali ndi funso limodzi lokha: ndani?

Tomato akaola, ndani? Bondo likatupa, ndani? Wogula akadumpha tebulo langa n'kuima pa la mnzanga, ndani? Kutchalitchi ndinkapita, nyimbo ndinkayimba, koma pa mfundo ya chitenje changa panali kachithumwa. Zikandithina ndinkakwera minibasi kupita ku Chunga, kwa bambo wina woombeza. Mchere sindinkapatsa munthu, kuopa kulodzedwa nawo. Mtendere ndinalibe.

Mwana wanga Lakisoni atamwalira, ndinatsala m'nyumba ndi mkazi wake ndi mwana wawo Taonga. Amake Taonga kwawo ndi ku Luapula. Ankandiphikira, ankandichapira, m'mawa wa chisanu ankanditenthetsera madzi. Ine ndinkadya, ndinkasamba, koma ndikuwayang'ana cham'mbali.

Taonga ndi mtsikana wamkulu, anaphunzira za makompyuta. Anayamba kupanga apu, kanthu kokhala m'foni, koti ife amayi a pamsika tiziona tomato wa alimi asanafike ndi kuitanitsa mabokosi. Anaikamo zithunzi m'malo mwa mawu, poti ambirife sukulu sitinaipondeko.

Ntchito imeneyi inandikoka mtima. Ndikabwera kumsika ndinkakhala pambali pake, iye ali pa laputopu. Tsiku lina anati akumanga.

Ndinati, "Ukumanga chiyani iwe? Njerwa zili kuti?"

Anaseka. "Ambuya, njelwa ni ivi vamene nilemba. Mafoni yali mitundu ibili. Nilemba kamozi chabe, manje ifunika isebenze konse."

Koma sinkagwira konse. Akadina kuti imange, laputopu inkafuma ngati munthu wokwera chitunda, kenako n'kutaya mizere yofiira yodzaza galasi lonse. Ya mtundu umodzi wa foni inkamangika bwinobwino. Ya mtundu winawo inkakana. Mwana anayamba kugwira tsaya, chakudya n'kumazizira pambali pake.

Funso langa lija linadzuka. Ndani?

Ndinapita ku Chunga. Bambo uja anandiuza zimene ndinanyamula kale m'mtima. Anati mdani sali kutali, timadya naye. Ndinabwerako mutu uli wotentha. Ndinatumiza mawu kwa abale kuti Loweruka abwere tikhale pansi, amake Taonga alongedze abwerere kwawo.

Taonga atamva sanakweze mawu. Anangoti, "Ambuya, ba mami bakayenda, naine niyenda. Simuzanionanso."

Ndinamva, koma sindinabweze mawu anga.

Loweruka lisanafike, mizere yofiira ija inatha. Taonga anandionetsa, ngakhale anali atandikwiyira. Anati mizere ikachuluka suyamba ndi wapansi. Umakwera mpaka upeze woyamba, chifukwa enawo amangolira poti woyamba walira, ngati makanda ku sikelo. Woyambayo unamuuza kuti zidutswa ziwiri zimene anabwereka kwa anzake opanga maapu sizinkagwirizana. China chinali chakale, china chatsopano, monga chivundikiro cha poto wina pa poto wina. Anasintha chakalecho, apu inamangika.

Ine m'mtima ndinati, iyayi, zaleka chifukwa mfiti yamva kuti yadziwika. Mukuona mmene ndinaliri? Zikakanika, umboni. Zikatheka, umboninso.

Masana ake Taonga anaika apu ija m'foni yake, m'foni ya amake, ndi m'kafoni kanga. Foni yanga ndi ya mtundu uja unkavutawo. Anati tiyese.

Yake inagwira. Ya amake inagwira. Ine ndinadina pa chithunzi cha bokosi la tomato. Galasi linaphethira, apu n'kuzimiririka.

Taonga anatenga foni yangayo, anadina. Inagwira. Anandibwezera. Ndinadina. Inafa.

Amake Taonga anapukuta manja pa chitenje, anailandira, anadina. Inagwira. Anandipatsa ndi manja awiri, monga amachitira nthawi zonse. Ndinadina. Inafanso.



Abale anga, ndikuuzeni zimene zinadutsa m'mutu mwanga. Chikhala kuti foni ija inkafera m'manja mwa amake Taonga, ndikadaitana Kabwata yense adzaone. Sindikadafunanso umboni wina. Koma inkafera m'manja mwanga. Mlandu umene ndinasokera mnzanga unandikwana ine ngati diresi loyeza kwa telala. Ndinayang'ana zala zanga. Ndinadzifunsa, kodi munthu angakhale mfiti osadziwa?

Amake Taonga akadatha kunena mawu amodzi okha, oti mfiti ndine. Anali nawo ufulu. Iwo anakoka mpando n'kuti, "Ba mayo, nkalani pansi. Mwaimilila maningi."

Taonga yekha ndiye maso ake anawala. Sanachite mantha, sanakwiye. Ankaoneka ngati munthu amene wamva kuti m'thumba muli kanthu ndipo akufuna aone. Analumikiza foni yanga ku laputopu ndi chingwe. Anati tsopano chilichonse chochitika m'mimba mwa foni chizilembedwa pa galasi.

"Ambuya, chitani futi mwamene muchitila. Musachinje chilichonse."

Ndinadina. Inafa. Iye anati, "Eya, yafa bwino." Sindinamvepo munthu akuyamikira chinthu kuti chafa bwino. Anati vuto limene limabwera ukaliitana ndi losavuta kuligwira. Loopsa ndi limene limabisala.

Anayamba kuyesa chimodzichimodzi. Kapena zala zanga zinali zonyowa ndi tomato. Ndinapukuta, inafabe. Kapena ndi zithunzi zimene anandikulitsira chifukwa cha maso angawa. Anazichepetsa, inafabe. Akasintha chinthu, ankachibwezera mmene chinalili asanayese china. Sanafunse ngakhale kamodzi kuti ndani. Ankangofunsa kuti chiyani, pati, zitatha ziti.

Ndinazindikira kuti mantha anga ayamba kuchepa. Nanenso ndinafuna kudziwa. Ndinasendeza mpando.

Kenako analoza pa galasi. Ine kuwerenga sinditha, koma kufanana ndimakuona. Panali mizere iwiri yofanana ngati mapasa, wina pansi pa mnzake.

"Ambuya, mutinika kangati?"

Ndinati, "Mmene munthu amagogodera pakhomo pa eni ake. Go, go. Ukagogoda kamodzi eni nyumba aziti ndi mphepo."

Amake Taonga anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Taonga anagwa chagada pa mpando ndi kuseka.

Nkhani yonse inali imeneyo. Iwo ankadina kamodzi. Ine ndinkagogoda kawiri, mwaulemu. Foni za mtundu wina uja zikamva kachiwiri zimangonyalanyaza. Za mtundu wangawu zinkathamanga kutsegula zitseko ziwiri nthawi imodzi, apu n'kugwa.

Ndinati, "Ndiye wolakwa ndine."

Anati, "Awe, ni ine. Sininaganize kuti muntu angagogode kabili. Bazimai bonse ku Soweto bazachita so. Mwanitandiza, ambuya."

Analemba timizere tochepa, anamanganso, anandipatsa. Ndinagogoda kawiri. Bokosi la tomato linatseguka, lofiira bwino. Ndinagogoda katatu dala. Linatsegukabe.

Iwo ankaseka. Ine ndinalowa kuchipinda, dzuwa likadali pamwamba, ndinagwada pansi.

Zaka zonsezi ndinkapemphera, koma pemphero langa linali loti Mulungu andionetse adani. Tsiku limenelo ndinati, Ambuye Yesu, ndilumikizeni ndi chingwe chanu. Onani zimene zikuchitika m'kati mwangamu. Musayambe ndi mzere wapansi. Kwerani mpaka woyamba.

Ndipo anakwera. Anadutsa tomato woola, anadutsa bondo, anadutsa mchere. Anadutsa Chunga. Anakaima pa bedi la kuchipatala pamene panagona Lakisoni. Madokotala anatiuza matenda ake, dzina lake analitchula. Ine sindinalandire. Matenda sungawagwire pakhosi. Ndinkafuna munthu woti ndimugwire, ndipo amene anali pafupi anali mkazi amene ankamusambitsa mwana wangayo mpaka tsiku lomaliza.

Ndinalira kulira kumene sindinalire pa maliro. Ambuye sananditaye monga munthu amatayira foni yovuta. Anandikonza pamene panali vuto.

Nditatuluka ndinamasula mfundo ya chitenje, kachithumwa kaja ndinakaika pa tebulo. Ndinagwada pamaso pa amake Taonga. Mayi wamkulu kugwadira mkazi wa mwana wake, kwathu sizichitika. Anafuna kundidzutsa, ndinakana.

Anati, "Ba mayo, ninali kuziba. Ni bashi Taonga mulila. Naine nibalila."

Ndimo mmene amamutchulira Lakisoni m'chilankhulo chawo, atate ake a Taonga. Tinali anthu awiri olira munthu mmodzi, nyumba imodzi, wina akuopa mnzake.

Loweruka abale anabwera monga ndinawaitanira. Ndinawauza kuti mlandu palibe, woitana ndiye anali wodwala ndipo wachira. Anadya chakudya chophika amake Taonga, anapita. Kachithumwa tinakatentha ndi abusa kuseri kwa tchalitchi chathu.

Lero Taonga akamanga chatsopano amayamba wabweretsa kwa ine kuti ndichiphe. Ndikachipha amakondwa. Bondo likatupa ndimapita ku kiliniki kukafunsa kuti n'chiyani. Mchere ndimapatsa aliyense.

Alemekezeke Yesu amene anandichotsera funso lija. Alemekezeke chifukwa nyumba yanga sinapasuke. Ine cholembera sindidziwa kuchigwira. Mawu awa ndikulankhula ndili pa mpando uja anandikokera tsiku lija, ndipo dzanja limene likulemba ndi la amake Taonga. Pena akuima kuti apukute m'maso, pena akunditsutsa kuti sanaseke kwambiri chotero. Anaseka.

M'bale wanga, mlongo wanga, kapena nawenso uli ndi dzina la munthu limene ukuyenda nalo m'mtima. Usanamuitanire abale, bwera kwa Ambuye akuonetse mzere woyamba. Usaope kuti sudziwa kupemphera bwino. Gogoda mmene umadziwira, kamodzi kaya kawiri. Iye sagwa. Amatsegula.

Amen.